Zoimbaimba za m'maholo a kumudzi ku Scotland: amaimba ndani, amalipira ndani?

Kumpoto kwa Scotland, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nyumba imodzi ya anthu onse, holo ya mudzi. Kwina ndi ya miyala, kwina ya matabwa ndi malata, kwina yatsopano ya mawindo akuluakulu oyang'ana kunyanja. Mkati mwa sabata mumakumana komiti ya chitukuko, amayi amabweretsamo ana kudzasewera, pa chisankho anthu amavoteramo, ndipo pa maliro ambiri akachoka kumanda amadzamweramo tiyi. Koma pamakhala usiku wina, kawirikawiri Lachisanu kapena Loweruka, womwe mipando yopinda imayalidwa m'mizere, kutsogolo n'kukhala oimba atatu kapena anayi amene mwezi wathawu anali pa siteji yaikulu ku Glasgow kapena ku Canada. Usiku umenewu omvera ndi anthu mwina 70, ena angochoka kumene kodyetsa nkhosa.

Kwa ife ozolowera kuti woimba akatchuka amangozungulira m'matauni, izi n'zodabwitsa. Chimamutengera n'chiyani katswiri kumalo koti ayende maola asanu pa galimoto, kenako akwere sitima ya pamadzi, kukaimbira anthu osadzaza mabasi awiri? Nanga ndalama yake imachokera kuti?

Tiyambe ndi dzikolo. Dera la khonsolo ya Highland ndi lalikulu pafupifupi ngati Chigawo cha Kumpoto cha Malawi, koma muli anthu pafupifupi 235,000 okha, kuposako pang'ono anthu amene anawerengedwa mumzinda wa Mzuzu pa kalembera wa 2018. Ambiri mwa iwo ali mumzinda wa Inverness ndi madera oyandikira. Kotsalako ndi mapiri, madambo, nyanja ndi timidzi totalikirana. Kumadzulo kuli zilumba za Hebrides monga Lewis, Harris, Uist, Barra, Skye, Mull ndi Tiree, kumpoto kuli Orkney ndi Shetland. Misewu yambiri ndi yodutsa galimoto imodzi. Mukakumana, wina amakhotera pa kamalo kopatukira, ndipo podutsana mumakwezerana dzanja. Mu Disembala ku Shetland dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana. Munthu wa kumeneko sanganene kuti ndikaonere bandi m'tauni ndibwerako usiku womwe uno. Oimba akapanda kumulondola kwawo, ndiye kuti basi.

Usiku wa konsati umayamba masana. Wosunga kiyi amatsegula n'kuyatsa zotenthetsera, poti holo yozizira imathamangitsa anthu komanso imasokoneza zingwe za zoimbira. Ena amayala mipando. Kukhitchini amatereka chiketulo chamagetsi n'kuyala makeke, masikono ndi masangweji amene mabanja akonza kwawo. Pakhomo pamakhala tebulo, kabokosi ka ndalama, kamakina ka khadi komwe kamanyanyala netiweki ikavuta, ndi kabuku ka matikiti amwayi. Mphoto zake amapereka ndi anthu a m'mudzi momwemo: botolo la whisky, bokosi la chokoleti, mwina nsomba yowamba. Mwa anthu onsewa palibe amene amalandira ngakhale khobidi.

Oimba amafika okha pa galimoto, masipika amatsitsa okha. Chida chachikulu ndi fiddle, yomwe ndi vayolini yomweyo koma yoimbidwa mwa chikhalidwe chawo. Amene anaonapo kaligo akudziwa kale mfundo yake, uta kukhukhuza chingwe, kungoti iyi ili ndi zingwe zinayi. Pambali pake pamakhala akodiyoni, gitala, nthawi zina piyano ya muholo momwemo, ndi zeze wawo wa zingwe zambiri wotchedwa clàrsach. Chitoliro cha thumba chija chimene Scotland imadziwika nacho, chomwe timachiona pa perete wa asilikali, anachipangira panja. Muholo yaing'ono chimagonthetsa m'kutu. N'chifukwa chake ambiri amanyamula chaching'ono chopopa ndi mvukuto wa m'khwapa, chomwe chinatsala pang'ono kuiwalika chisanadzukenso m'zaka za m'ma 1980.

Machuni opanda mawu amawaimba molumikiza, atatu kapena anayi osapuma. Reel imathamanga, jig imadumphadumpha, pomwe strathspey ili ndi kagwedezo kakekake, kamawu kafupi kotsatizana ndi katali, ngati munthu wapunthwa dala. Machuni ena ndi a Niel Gow amene anamwalira mu 1807, ena a James Scott Skinner amene anamwalira mu 1927, ena wawapeka woimbayo sabata yatha ali m'sitima. Ndipo asanaimbe amayamba wasimba: chuni ichi ndinaphunzira kwa uje, anachipekera ukwati wa uje, dzina lake ndi la kaphiri kali kuseri uko. Ku Glasgow nkhani yotereyi anthu amangoimvera. Kumudzi, pa mzere wachitatu pamakhala munthu woti ujeyo anali agogo ake, ndipo ukaphonya nkhani akukonza, kaya pomwepo kaya pa nthawi ya tiyi.

Nthawi ya tiyiyi ine ndimaiona ngati theka la chimene anthu amabwerera. Oimba amaima pa mzere womwewo ndi aliyense, kapu kumanja, uku akugulitsa ma CD. Anthu amene nyumba zawo zatalikirana makilomita 20 amafunsana za odwala ndi za mitengo ya nkhosa. Kenako matikiti amwayi aja amakokedwa, gawo lachiwiri limayamba, ndipo m'maholo ambiri likatha mipando imakankhidwira kukhoma kuti pavinidwe. Magule ake ndi a awiriawiri kapena a m'mizere, monga Gay Gordons, Dashing White Sergeant ndi Strip the Willow, wozungulitsana mogwirana mikono mpaka chizungulire. Wina amafuula masitepe kuti mlendo asasochere. Gogo amavina ndi mdzukulu, dokotala ndi msodzi.

Zonsezi zinachokera m'nyumba za anthu, holo isanabwere. Mawu oti cèilidh, otchulidwa ngati keyili, masiku ano ambiri amawamva ngati dansi, koma m'chinenero cha Gaelic tanthauzo lake ndi kucheza, kuyenderana. Kale m'mudzi munkakhala nyumba yodziwika kumene anthu ankasonkhana usiku wa m'nyengo yozizira, atazungulira moto wa dothi lakuda la m'madambo lomwe amaliumitsa n'kumalisonkha ngati nkhuni. Amayi akupota ubweya, abambo akusoka maukonde, wina amayamba nthano, wina ndagi, wina nyimbo. Amene anakulira pa "padangokhala" ndi "tili tonse" safunika kumufotokozera zambiri. Panalinso nyimbo za pantchito. Nsalu ya ubweya ikachoka kowomba, amayi ankakhala mozungulira thabwa lalitali n'kumaimenya ndi kuipatsirana kuti ilimbe, mmodzi akutsogolera nyimbo ena akuvomera, ndipo m'nyimbomo munkalowa chikondi, madandaulo ndi zonyogodola, monga zikhalira pamtondo. Kudera la Aberdeenshire anyamata aganyu a m'mafamu ankapeka m'chinenero cha Scots nyimbo zonena bwana woumira ndi chakudya chake chosakoma. Pomwe panalibe chida, munthu ankaimba chuni chovinira ndi pakamwa pokha, kaimbidwe kotchedwa puirt à beul.

Mwambo umenewu unatsala pang'ono kufa, ndipo amene anaukwapula ndi atatu: eni malo, mpingo ndi sukulu.

Itatha nkhondo ya ku Culloden mu 1746, boma la Britain linathyola mphamvu za mafumu a mafuko a ku Highlands, dera la mapiri la kumpotoli. Pang'onopang'ono mafumuwo ndi ana awo anasanduka eni malo ofuna lendi, ndipo anaona kuti nkhosa zimalowetsa ndalama kuposa anthu. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, mabanja zikwizikwi anachotsedwa m'zigwa za makolo awo. Ku Strathnaver, m'dera la Sutherland, nyumba zinatenthedwa mu 1814. Ena anakankhidwira m'mphepete mwa nyanja pa timinda ta miyala totchedwa croft, ena anakwera zombo kupita ku Canada ndi ku Australia. Lamulo loteteza alimi a timinda timeneti kuti asamathamangitsidwe mwachisawawa linabwera mu 1886, madzi atafika kale m'khosi. Amene akudziwa mbiri ya thangata m'maesiteti a ku Chiradzulu ndi Thyolo samva zachilendo apa. Ndiye mukamva m'holo nyimbo ya Gaelic yolira chilumba chimene munthu anachisiya, dziwani kuti mabwinja a mudzi womwe ukunenedwawo mwina ali makilomita asanu kuchokera pamene mwakhalapo. Amene anapita ku Cape Breton, ku Canada, anasunga kaimbidwe ka fiddle ndi kavinidwe kogogoda mapazi kamene kwawo kanazilala, moti m'zaka zaposachedwa a ku Scotland akhala akuitana adzukulu a othamangitsidwa aja kudzawaphunzitsa.

Za mpingo n'zovutirapo kuziweruza. Pa chitsitsimutso cha m'zaka za m'ma 1800, alaliki ena a Chipresibateriya ankati fiddle ndi chitoliro n'zida za woipayo, ndipo pa Skye amasimbabe za mulu wa zoimbira umene otembenuka mtima anauyatsa moto. Zilumba za Akatolika monga Barra ndi South Uist sizinaone zimenezi kwenikweni, n'chifukwa chake nyimbo zakale zambiri zinakapezeka kumeneko. Komabe mpingo womwewo ndi umene unasunga kaimbidwe ka masalimo m'Gaelic, komwe mtsogoleri amaponya mzere, mpingo n'kuulandira aliyense akuukometsera mwa iye yekha, mawu n'kumakwera ndi kutsika ngati mafunde. Pa Lewis tsiku la Sabata likadali ndi ulemu wake: sitima za Lamulungu za ku Stornoway, tauni yaikulu ya pa chilumbachi, zinayamba mu 2009, ndipo okonza dansi ya Loweruka m'midzi ya kumeneko akhala akudziwa kuti ithe 12 koloko usiku isanakwane. Apa pali ulusi wofika ku Malawi. Amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera m'mipingo yomweyi, ndiye mkangano wa gule ndi tchalitchi sanauyambire m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anachita kubwera nawo. Ngakhale pakati pawo sankagwirizana: Donald Fraser ku Embangweni ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'machuni a makolo awo.

Sukulu inangomalizitsa. Lamulo la maphunziro la 1872 silinatchule Gaelic n'komwe, ndipo ana ambiri ankalangidwa akalankhula chinenero cha amayi awo m'kalasi. Pa kalembera wa 2011, olankhula Gaelic anali pafupifupi 57,000 mwa anthu oposa 5 miliyoni. Magetsi, wailesi ndi kanema zitafika, kuyenderana usiku kuja kunatha kokha.

Chimene chinalandira katunduyo ndi holo. Maholo ambiri anamangidwa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ena ngati chikumbutso cha anyamata a m'mudzi amene sanabwerere, ndipo mayina awo akadali pakhoma. M'menemo munakulira mabandi a dansi. Jimmy Shand, amene anayamba ngati wogwira ntchito mumgodi wa malasha ku Fife, anasandutsa akodiyoni kukhala mawu a Loweruka usiku m'dziko lonselo. Bandi ya Runrig, yomwe inatsanzika mu 2018 pamaso pa namtindi wa anthu ku Stirling, inayamba mu 1973 ngati kabandi koimbira dansi pa Skye.

Panalinso otolera. Mu 1951 yunivesite ya Edinburgh inatsegula School of Scottish Studies, ndipo anthu ngati Calum Maclean ndi Hamish Henderson anayenda m'midzi ndi makina olemera ojambulira mawu. Chimene anapeza chinachititsa manyazi ophunzira: nyimbo zakale kwambiri zinali m'kamwa mwa anthu onyozeka, mabanja oyendayenda ogona m'matenti, amene ankachita ganyu yothyola zipatso ku Blairgowrie. Mmodzi mwa anthu a mtundu umenewu, mayi Jeannie Robertson wa ku Aberdeen, Henderson anamupeza mu 1953, ndipo anadzatchuka mpaka kunja. Zambiri mwa zojambula zimenezo lero zili pa intaneti pa Tobar an Dualchais, moti mtsikana wa zaka 19 angamve mawu a gogo wa m'mudzi mwake amene anamwalira iye asanabadwe, n'kukaimba nyimboyo m'holo ya mudzi womwewo.

Koma chimene chinasinthiratu zinthu, m'kuona kwanga, ndi kuphunzitsa ana. Mu 1981 anthu a pa Barra, ataona kuti ana awo akukula osadziwa nyimbo ndi chinenero, anakonza masiku ophunzitsa ana pa tchuthi kuimba, kuvina ndi kusewera zisudzo m'Gaelic. Anautcha fèis, kutanthauza chikondwerero. Midzi ina inatengera. Fèis Rois inayamba mu 1986, bungwe lowagwirizanitsa la Fèisean nan Gàidheal linabadwa mu 1991, ndipo lero magulu otere alipo oposa 40. M'chilimwe achinyamata ochita bwino amapangidwa timabandi toyenda m'maholo ndi m'malo ochezera alendo, kuphunzira ntchito yeniyeni: kulumikiza masipika, kulankhula ndi anthu, kuimba ngakhale abwera asanu ndi atatu okha. Ku Shetland, Tom Anderson anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ana a sukulu fiddle ya kwawo. Mu 1996 sukulu yaikulu ya zoimbaimba ku Glasgow inayamba kupereka digiri ya nyimbo za makolo, ndipo mu 2000 pa sekondale ya m'kamudzi ka Plockton panatsegulidwa malo apadera ophunzitsira nyimbozi.

Zotsatira zake n'zakuti Scotland lero ili ndi akatswiri achinyamata ochuluka zedi, ndipo onse akufuna poimbira. Nyimbo zomvera pa intaneti zimalipira tindalama tosagulira ngakhale mafuta. Chikondwerero chachikulu cha Celtic Connections ku Glasgow, chimene chinayamba mu 1994, chimachitika mu Januwale ndi kumayambiriro kwa Febuluwale basi. Miyezi inayo woimba amadya za pamsewu, ndipo pamsewupo maholo a kumudzi ndiwo ochuluka. Apa ndi pamene pali theka la yankho la funso lija. Theka linalo amalinena okha oimba ambiri: kuti m'kachipinda komwe wakutsogolo angakugwire bondo, umamva anthu akupuma limodzi ndi chuni. Aly Bain wa ku Shetland ndi Phil Cunningham, amene angadzaze holo iliyonse ya mumzinda, akhala akuyenda limodzi kuyambira 1986, ndipo maulendo awo akhala akudutsa m'timatauni ndi m'midzi momwemo.

Zikondwerero zina zinamangidwa pa maholo amenewa. Shetland Folk Festival inayamba mu 1981 ndipo amaiyendetsa anthu ongodzipereka. Oimba ambiri amabwera pa sitima ya usiku kuchokera ku Aberdeen, ulendo wa maola 12 kapena kuposerapo, ndipo kuimba kumayambira m'sitima momwemo. Akafika, ambiri amagona m'nyumba za anthu, ndipo madzulo amakwezedwa mabasi kupita m'maholo a m'midzi, ena mpaka kuoloka kupita ku zilumba zing'onozing'ono. Usiku womaliza amautcha foy: bandi iliyonse ya alendo imaimba mphindi pafupifupi 15, kunyamula zida, kuthamangira ku holo ina, kuti aliyense wogula tikiti aone onse. Orkney inayamba chake mu 1983. Ku Highlands kuli Blas, mawu otanthauza kukoma kwa chinthu m'kamwa, chomwe chimachitika mu Seputembala ndipo chinatengera nzeru ku Celtic Colours ya ku Cape Breton: m'malo moitanira anthu pa bwalo limodzi, chikondwerero chimamwazidwa m'maholo ndi m'matchalitchi a m'dera lonse.

Tsopano ndalama. Tingoyerekeza, kuti masamu aoneke. Holo ili ndi mipando 80, tikiti ndi mapaundi 15. Ikadzaza, pakhomo palowa mapaundi 1,200. Kumva choncho n'zambiri, koma oimba ndi anayi, galimoto yawo yamwa mafuta ndipo yalipira sitima popita ndi pobwera, afunika pogona ndi chakudya. Holo yatenthetsedwa maola asanu ndi limodzi, pali inshulansi, pali chiphaso cholipirira eni nyimbo, pali mapepala olengezera. Ndiye kugwe maliro m'mudzi, kapena ukwati kutsidya, kapena mphepo ya mkuntho: abwera 40, ndalama yatsika kufika 600, koma zolipira zija sizinatsike. Mgwirizano umakhala wa mitundu iwiri. Komiti ikalonjeza ndalama yokhazikika, ikaluza imaluza yokha. Akagwirizana zogawana za pakhomo, chiopsezo chimagwera oimba, amene angathe kuyenda tsiku lonse n'kubwerera ndi ya mafuta yokha. Ambiri amaphatikiza: kandalama kotsimikizika, kenako kugawana zotsala. Mpata umene watsala amautseka ndi matikiti amwayi aja, tiyi, ndi bala ngati komiti yatenga chiphaso cha tsiku limodzi chogulitsira mowa. Ikapanda kutenga, m'maholo ambiri aliyense amabwera ndi botolo lake. Ndipo woimba akagona kwa a tcheya a komiti m'malo mwa kuhotela, imeneyo ndi ndalama yosalembedwa m'buku lililonse koma imene yapulumutsa konsati.

Thandizo la boma lilipo. Creative Scotland, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2010, limagawa ndalama za boma ndi za National Lottery, ndipo bungwe la The Touring Network linakhazikitsidwa kuti lizilumikiza okonza zoimbaimba a m'midzi ya ku Highlands ndi zilumba kuti bandi ikabwera iimbe m'maholo angapo motsatizana, mtengo wa ulendo ugawanidwe. Koma ndalama ya thandizo imafuna mafomu, malipoti ndi malisiti, ndipo wolemba zonsezi nthawi zambiri ndi mphunzitsi wopuma pantchito, pa tebulo la kukhitchini kwake, usiku.

Zopinga zina n'zoti komiti singazithe. Zilumba za kumadzulo zimadalira sitima za kampani ya boma ya CalMac, zomwe zambiri zakalamba. Sitima yatsopano ya Glen Sannox inaitanitsidwa mu 2015, inkayembekezeka mu 2018, koma inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025. Sitima ikalephereka, bandi ili tsidya lino, makeke ali tsidya lilo. Mu Disembala 2014 Scotland inatsitsa mlingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa galimoto, chinthu chabwino pa moyo wa anthu, koma kumudzi kopanda takisi kapena minibasi ya usiku zikutanthauza kuti m'banja lililonse wina amwa tiyi yekha, ndipo bala ilowetsa zochepa. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid unatseka maholo onse, ndipo atatsegulanso, mu 2022 mtengo wa magetsi ndi mafuta otenthetsera unakwera koopsa.

Palinso kukangana kwa m'banja. Ena amati mabandi a magitala amagetsi ndi ng'oma zachizungu, monga Skerryvore yomwe inayambira pa Tiree, akusandutsa nyimbo za makolo kukhala phokoso la m'bwalo la mpira. Ena amayankha kuti popanda mabandi amenewo achinyamata sakanalowa n'komwe m'holo. Ine mkanganowu suundidetsa nkhawa, poti akodiyoni nayenso anali mlendo wonyozedwa nthawi ina. Mkangano wina ndi wa alendo odzaona malo. Chikhazikitsireni msewu wa alendo wa North Coast 500 mu 2015, m'chilimwe maholo ena amadzaza ndi anthu a ku Germany ndi ku America. Ndalama yawo imathandiza, koma konsati ya mu Julaye yodzaza ndi alendo ndi ya mu Novembala ya eni mudzi okhaokha n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo ndi imene imavuta kuilipira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi wosunga kiyi uja. Oimba alipo, nyimbo zinasungidwa, ana akuphunzira. Koma m'midzi yambiri ya kunyanja nyumba zikugulidwa ndi anthu a kutali kuti azidzapumulirako pa tchuthi kapena azibwereketsa alendo pa Airbnb, mitengo n'kukwera moti banja lachinyamata la komweko silingaikwanitse. Banja likasamukira ku Inverness, sukulu ya pulayimale imachepa ana, kenako imatsekedwa, ndipo mu komiti ya holo mumatsala anthu omwe aja amene anayamba kuyala mipando zaka 30 zapitazo, misana tsopano ikuwawa. Mutu umodzi susenza denga, koma m'maholo ena denga lonse lili pa mitu itatu ya imvi. M'malo ambiri amene alowa m'makomiti ndi obwera, ochokera ku England kapena m'mizinda, ndipo pena pamakhala kung'ung'udza kuti sadziwa mwambo, ngakhale kuti popanda iwo chitseko sichikanatsegulidwa.

Midzi ina inadzipezera njira. Glenuig, kamudzi kakang'ono kwambiri ka m'dera la Moidart, kwawo kwa abale atatu a banja la MacDonald odziwika pa chitoliro, inachititsa chikondwerero cha nyimbo chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti ipeze ndalama zomangira holo yake, ndipo holoyo inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990. Kumeneko nyimbo ndi zimene zinamanga nyumba.

Pa chilumba cha Eigg anapita patali kuposa apo. Atatopa ndi eni malo osinthanasinthana amene sankawapatsa chitsimikizo chokhala m'nyumba zawo, anthu a pa chilumbachi, amene panthawiyo anali ongopitirira 60, anasonkhetsa ndalama kwa akufuna kwabwino n'kugula chilumba chonse pa mapaundi 1.5 miliyoni. Chinakhala chawo pa 12 Juni 1997. Chiyambireni apo nyumba zakonzedwa, achinyamata ena abwerera, ndipo chiwerengero cha anthu chafika pa 100 ndi kuposerapo. Mu 2008 anayatsa magetsi awoawo ochokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa, ndipo nyumba iliyonse imaloledwa makilowati asanu pa nthawi imodzi. Ukapyola, magetsi ako amazima. Chaka chilichonse mu Juni amakumbukira tsiku lija ndi cèilidh mu holo yawo. Oimba ndi alendo amabwera pa boti kuchokera ku Mallaig ndi ku Arisaig, ambiri atanyamula matenti poti mabedi a pa chilumbapo sakwanira, ndipo poti nyengo imeneyo usiku wa kumpotoko ndi wa maola ochepa, ovina amatuluka m'holo kunja kutayera kale.